Diresi la Alefa

Limbuli, Mulanje
18 Epulo 2023

Achimwene a Bryson,

Ndikhulupirira munafika bwino ku Limbe, ndipo matuza a khasu aja anapola. Kuno tadzuka. Sindinena kuti tili bwino, bodza kwa m'bale wako ndi tchimo. Kalatayi ndapatsira a Pilato oyendetsa lole ya nthochi aja, poti foni yanga inapita ndi madzi limodzi ndi nyumba. Ya aneba ndikabwereka ndimangolira mpaka mayunitsi kutha, eni ake ataima pambali.

Tikadali m'tenti muja pabwalo la tchalitchi. Bambo a Alefa abwerera ku esiteti kukathyola tiyi. Ine ndimangokhala.

Nkhani ndi iyi. Mutangochoka inu, mutatopa nako kukumba matope, kunabwera amayi ena a kutsidya kwa Muloza, ku Mozambique, atasenza zovala zomwe anatola m'nsungwi za m'mbali mwa mtsinje. Anaziyala pabwalo kuti aliyense azindikire chake. Achimwene, diresi lachikasu lija munamugulira Alefa pa Khirisimasi linali pompo. Mtundu sukuoneka, lonse ndi matope okhaokha, koma ndinalidziwira msoko wa kukhwapa womwe ndinasoka ndekha ndi ulusi wakuda. Ndi lomwe anavala tsiku lija namondwe wa Freddy anagumula phiri, iye atathamangira kukamasula kambuzi kake. Ndinabereka mwana, ndinamulera zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo chomwe madzi andibwezera ndi diresi.

Sindinalichape. Ndaliika m'sutikesi ya malemu amayi, ija munaifukula.

Akuluakulu a pamudzi ayamba kale kundikumbutsa mwambo. Akuti mtembo ukasowa amadula thunthu la nthochi, kuliveka chovala cha malemu n'kuliika m'manda, kuti mzimu upeze pogona. Ndawauza kuti mwini mbumba ndinu, amalume ake, popanda inu palibe wogwira khasu. Koma kunena zoona sindikufuna. Ndikakwirira diresi ndiye kuti ndavomera. Nanga ngati anamutola anthu ku Milanje, kutsidya ku Mozambique kuja, ndipo akungosowa womuperekeza?

Ndiuzeni mubwera liti. Mtima ukundiwawa kwambiri.

Mlongo wanu,
Rosemary

Limbe
2 Meyi 2023

Mlongo wanga Rosemary,

Moni iwe ndi alamu anga a Golden. Ine ndili bwino, kupatula kachifuwa ka utsi wa kuntchito kuno. Kalata yako ndalandira. Za diresi ndamva, ulisunge bwino. Sindikudziwa choti ndinene, ndiye undilole ndinene zomwe ndikudziwa.

Simungakhale m'tenti mpaka mvula ina ikupezeni. Paja umandiseka kuti ndinapita kutauni kukatola zinyalala ngati khwangwala. Khwangwala yemweyo akumangira nyumba. Mvetsera. Pafakitale pathu timatenga majumbo, mabotolo apulasitiki, zigubu zosweka, ndi nsanza, kaya zotsala kwa atelala kaya kaunjika wosagulika. Zonse timaponya m'makina okhala ngati chigayo, amazidula tizidutswa ting'onoting'ono. Tikatero timatsuka m'thanki, kuyanika, n'kutenthetsa mpaka pulasitiki asungunuke ngati phula. Kenako timathira m'chikombole n'kupanikiza. Nsanza ndiye mitsempha yake, pulasitiki ndiye mnofu. Chotuluka ndi thabwa, kapena matailosi ofolera, malinga ndi chikombole.

Ndiye thabwa limeneli, mlongo wanga, siliwola, chiswe sichidya, madzi salowa. Tinaviika lina m'thanki mwezi wathunthu, linatuluka louma ngati bakha. Foni yanga ndi yomwe inagwera m'thanki momwemo n'kufa tsiku lomwelo, ndiye uzingolemba, a Pilato amadutsa pageti pathu.

Abwana andilola kugwiritsa ntchito makina Loweruka masana, bola zoponyamo zikhale zanga. Choncho tolani. Jumbo lililonse, botolo lililonse, ngakhale zovala zija anthu akufukula m'matope zoti sizingavalikenso, musataye. Longedzani m'matumba muzipatsira a Pilato. Alamu aumbe njerwa, denga ndi chitseko n'zanga. Ndikufuna ndikupangire chitseko choti anthu a pa Limbuli azibwera kudzachigogoda dala.

Za mwambo zija tidikire kaye. Ntchito yachuluka, tchuthi sakupereka.

Ndine mchimwene wako,
Bryson

Limbuli
25 Meyi 2023

Achimwene,

Moni. Chifuwacho muzimwa mandimu. Kuno chiperoni chayamba, kukuwaza usana wonse, m'tenti zonse zachita chinyontho mpaka sutikesi yomwe yayamba kununkha nkhungu.

Ine ndinakulemberani za mwana, inu mwandiyankha za majumbo. Kalata yanu ndinaitembenuza uku ndi uku kufunafuna dzina la Alefa, mulibe. Bakha alimo, khwangwala alimo, mdzukulu wa amayi anu mulibe. Kodi dzinalo likukutenthani pakamwa? Ndi inu munkamunyamula pakhosi kupita naye kumsika kukamugulira zitumbuwa. Tchuthi sakupereka, chabwino, koma Lamulungu fakitale yanu imapemphera kuti? Mutu ukakula sulewa nkhonya, achimwene. Amalume ndinu, palibenso wina.

Komabe majumbo anuwo ndikutola. Ndimayambira pamsika pa Limbuli, kuseri kwa ogulitsa usipa, kenako kwa atelala omwe amandisungira zodula zawo. Anthu akuti make Alefa mutu wazungulira. Dzulo mayi wina anandipatsa chinangwa chophika, kuyesa ndikufuna chakudya m'dzala. Ndinalandira, ndinadya, ndinathokoza.

Ndikachoka pamsika ndimatsikira kumtsinje. Kumeneko ndiye kuli majumbo ambiri, akolekeka m'nsungwi mpaka pamwamba pomwe munthu sangakhulupirire kuti madzi anafikapo. Ndimakoka limodzilimodzi, ndikusuzumira pansi pa chitsa chilichonse. Bambo a Alefa akuti ndachita khama pa nyumba. Inu nokha ndikuuzeni, si nyumba imene ndikufuna kumeneko. Koma bola tsopano ndili ndi thumba m'manja, palibe wondibweza kuti mayi tiyeni kunyumba.

Matumba oyamba ali pa lole. Yankhani za mwana.

Rosemary

Limbuli
27 Juni 2023

Alamu,

Ndati ndikupatseni moni. Ndine Golden. Sindidziwa kulemba zambiri, mundikhululukire.

Matailosi oyamba aja afika. Anthu anasonkhana kudzaona, ena kumaluma ndi mano, ena kumenya ndi mwala. Sanasweke. Njerwa ndaumba, zikuuma pang'onopang'ono chifukwa cha chiperoni, koma uvuni tiotcha mwezi wamawa.

Chomwe ndalembera ndi ichi. Sabata yatha mlongo wanu anandikakamiza kuti tipite ku Milanje. Tinapita panjinga. Tinafunsa kuchipatala, kutchalitchi, pamsika, ngakhale kwa asodzi a m'mbali mwa mtsinje. Aliyense amangopukusa mutu. Mayi wina wachikulire anatilankhula m'Chilomwe, anati ana omwe anabwera ndi madzi anabwera ogona, ndipo anawaika komweko opanda maina. Pobwerera ndimangomva chipumi cha mlongo wanu pamsana panga njira yonse. Kutacha anati, itanani akuluakulu, ndavomera.

Ndiye agwirizana Loweruka loyamba la Ogasiti. Nthochi yodula asankha kale, ya kudimba kwa malemu apongozi. Abusa avomera kudzapemphera. Alamu, ine pano ndine mkamwini. Mwanayo ndi wanga koma sindingatsogolere kumanda a mbumba yanu. Chonde bwerani. Mlongo wanu amakunenani ndi mawu olimba, koma lole ikaima pamsewu amatuluka kukaona ngati mwatsika.

Lero ndakweza matumba ena. A Pilato anabwera molawirira, akuimba hutala, mlongo wanu ali kuchigayo. Ndinalongedza ndekha mothamanga. Munati zikuchepa za chitseko, ndiye ndasesa m'tenti monse, sindinasiye jumbo ngakhale limodzi.

Mlamu wanu,
Golden

Limbuli
9 Julaye 2023

Achimwene,

Moni ndilibe. Kalatayi ndapatsira kondakitala wa minibasi, sindingadikire a Pilato. Foni yanu ndaimba kwa aneba, sikulowa.

Musaponye m'makina matumba omwe anabwera komaliza. Musaponye, ndapota nanu. Diresi la Alefa lili momwemo.

Sutikesi itayamba nkhungu ndinalichotsamo. Ndinalikulunga m'majumbo, lina pamwamba pa linzake, ambiri ndithu, kuti chinyontho chisalifike, n'kumanga ndi kansalu kofiira. Ndinaliika pansi pa ndowa yachivindikiro momwe ndimasungira majumbo abwino. Sindinauze munthu. Chichokereni ku Milanje sindinatsegulenso ndowayo, mtima umakana. Lero m'mawa ndinati ndilichape tsopano, mwana wanga asapite ndi matope. Ndatenga sopo, ndatenga beseni, ndatsegula ndowa. Mulibe kanthu.

Bambo a Alefa akuti anangokhuthulira zonse m'thumba osayang'ana.

Fufuzani thumba lililonse. Ndi kamtolo kokwana m'manja awiri, kolemererapo, komanga ndi kansalu kofiira. Mukakapeza musakapatsire munthu, mubwere nako nokha. Ndikapanda kumva kanthu pofika Lachiwiri ndikwera minibasi, ndidzagona pageti panupo.

Achimwene, ndilibe china chake. Zithunzi zinapita, makope ake a sukulu anapita, nsapato zinapita. Ndi chokhacho.

Rosemary

Limbe
9 Julaye 2023

Mlongo wanga,

Moni nonse. Lero ndadzuka ndi nkhani yabwino, ndipo ndati ndilembe msanga, a Pilato anyamuka nayo mawa m'mawa.

Choyamba, kalata ya alamu ndinalandira. Loweruka loyamba la Ogasiti ndidzakhala komweko, tchuthi apereke asapereke. Unanena zoona, dzina la Alefa limanditentha. Ndalilemba tsopano, waona. Ndidzaima pomwe amalume amaima.

Chachiwiri, chitseko chatheka! Dzulo masana makina anali anga ndekha. Matumba omaliza aja ndi omwe anakwaniritsa. Koma alamu anga kulongedza kwake! Munali chilichonse, chipewa cha mwana, sokosi imodzi, mpaka supuni, yomwe ikanandithyolera mipeni ya makina ndikanapanda kuiona. Munalinso kamtolo kena komangidwa bwino ndi kansalu kofiira, majumbo pamwamba pa majumbo. Ndinasangalala, ndinati mlongo wanga wandikumbukira, wandimangira nyemba za kalongonda. Malovu anadzaza m'kamwa. Ndinang'amba pakona n'kupisa chala, haa, nsanza ya matope ngati zinzake zonse. Ndinaponya momwemo ndi majumbo ake omwe. Ndiye udziwe kuti kalongonda ndikumudikirabe pa Ogasiti.

Koma chitsekocho, Rosemary! Zitseko zathu zimatuluka zotuwa ngati phulusa, poti mitundu ikasakanikirana imaphana. Ichi ayi. Nditatsuka tizidutswa m'thanki, matope atachoka, ndinaona kuti muli tina towala. Chitatuluka m'chikombole, chonse kuyambira pamwamba mpaka pansi chili ndi timadontho tachikasu, ngati munthu wawaza maluwa. Anzanga asiya ntchito kudzachiona. Abwana amafuna achiike pachionetsero, ndakana, ndati ichi chili ndi mwini wake ku Limbuli. Sindikudziwa kuti telala wake ndi uti anakupatsa nsalu imeneyo, koma ukamuthokoze.

Ndachiimika m'chipinda mwanga kuti chizizire bwino, ndiikemo mahinjesi ndi loko. Mvula ibwere ndi abale ake onse, pamenepa sidutsa.

Mchimwene wako,
Bryson

Limbuli
12 Julaye 2023

Alamu,

Ndine Golden. Kalata yanu inafika Lolemba masana. Ndikhulupirira ya mlongo wanu inakupezaninso.

Yanuyo mlongo wanu anailandira yekha kwa a Pilato, anaitsegula ataimirira pamsewu pomwepo. Anawerenga mokweza kuti nane ndimve. Pa kansalu kofiira mawu anayamba kuchepa. Atafika pa timadontho tachikasu anakhala pansi m'fumbi, anapinda kalata bwinobwino, n'kuyamba kulira maliro enieni, omwe sanalire ngakhale tsiku la madzi lija. Amayi a pamsika ndi omwe anamunyamula.

Sakundilankhula. Anangondiuza kamodzi kuti ndinachita dala, poti tsiku lina ndinamuuzapo kuti diresi lisamudwalitse. Alamu, ndinanenadi mawuwo. Koma Mulungu ndi mboni, sindinadziwe zomwe zinali m'ndowa. Inenso diresilo ndinkalitsegulira sutikesi iye akachoka, kungoligwira. Nditapeza mulibe ndinayesa wandibisira ine, ndinachita manyazi kufunsa.

Akuluakulu abwera dzulo. Akuti madzi akatayika saoleka, tigule nsalu yatsopano tikulunge thunthu lija, mwambo uchitike tsiku lomwe tinapangana. Mlongo wanu anawayang'ana n'kunena kuti, ine sindinabereke nthochi, nthochi inali yongonyamula diresi. Akuluakuluwo anachoka osatsanzika.

Sindikudziwa kuti tikwirira chiyani. Tithandizeni nzeru.

Golden

Limbe
16 Julaye 2023

Rosemary, mlongo wanga,

Sindikufunsa kuti uli bwanji.

Kalata yako inandipeza Lolemba, yanga itapita kale. Nditawerenga ndinathamangira kuseri komwe timaunjika matumba, ndinakhuthula onse, athu ndi a eni ake omwe, ndikudziwa bwino lomwe kuti mulibe. Ndinkafuna kansalu kofiira kena, kamtolo kena, kuti mwina kanali kawiri. Anzanga anandigwira manja.

Ndinaligula ndekha diresi lija, ndinalisankha pakati pa ambiri chifukwa Alefa anati akufuna looneka ngati dzuwa. Ndinalipisa ndi chala changa, ndinaliseka, ndinaliponya m'makina. Kenako ndinakulembera kuti ukathokoze telala. Alamu usawaimbe mlandu, iwo anangonyamula thumba. Kamtolo komangidwa choncho munthu wanzeru amamasula. Ine ndinali pa liwiro lofuna kukupatsa chitseko, chifukwa chitseko ndimadziwa kupanga, pomwe kuima pamanda a mwana ameneyu sindimadziwa kuti ndidzayamba bwanji.

Ndafunsa anzanga ngati pali njira yochotsera nsalu m'thabwa. Palibe. Ukatenthetsanso, nsalu imapsa, umatsala ndi utsi. Ndinayesa kutokosa kadontho kamodzi ndi nsonga ya mpeni, kakukana, kalowerera mkati. Zomwe ndinkanyadira zija ndi zomwe zanditsekera njira.

Chitsekocho chili pano m'chipinda mwanga, chotsamira khoma, moyang'anana ndi bedi. Mahinjesi ndinaika kale, ndawachotsa. Sindingathe kuchiyang'ana, sindingathenso kuchitembenuza.

Ganizo langa ndi ili, ukakana ndimva. Chakumunsi, kudzanja lamanja, timadontho tachulukirapo. Ndingathe kucheka pamenepo ndi sowo kachidutswa kokwana m'manja, tikamangirire pa thunthu la nthochi m'malo mwa diresi. Chotsalacho ndikachitaya kutali komwe sudzachiona, ndidzakupangira china chotuwa ngati cha anthu onse.

Ndikhululukire ngati ungathe. Ngati sungathe, undilole ndibwerebe.

Bryson

Limbuli
26 Julaye 2023

Achimwene a Bryson,

Moni. Ndachedwa kuyankha. Mudye, a Pilato akuti mwaonda.

Bambo a Alefa ndayamba kuwalankhula. Ndinawapeza kuseri kwa uvuni wa njerwa atakhala pansi, ndowa ija ili pamiyendo, akungoyang'ana mkati. Munthu wochita dala sakhala choncho. Inunso sindikukusungirani kanthu. Ndinakwiya, ndinakutukwanani mumtima mpaka ndinatopa, koma pomaliza ndinaona kuti tonse atatu timabisirana chinthu chimodzi, aliyense m'jumbo lake.

Tsopano mvetserani, ndipo musandiyankhe za makina.

Sowo musagwire. Mwana wanga wadulidwa mokwanira. Munalemba nokha kuti timadontho tili ponseponse, kuyambira pamwamba mpaka pansi. Mukacheka pakona, kolala ya diresilo mukaitaya kuti? Msoko wanga wa kukhwapa uli mbali iti, mukudziwa? Palibe chotaya pamenepo. Mubweretse chonse, tikwirira chonse.

Akuluakulu anakana poyamba. Anati chitseko sichinalowepo kumanda chiyambire, ndipo manda ake akhala a munthu wamkulu pomwe wogonamo ndi mwana. Ndinati mandawo akule, mwanayo akanakula ndithu. Anati nanga nthochi? Ndinati nthochi igone pamwamba pake, ngati mwana pamphasa, mwambo wanu usasowe. Abusa anangoweramitsa mutu, kenako anati iwo adzapemphera basi. Adzukulu okumba manda auzidwa kale, abwera kudzafunsa muyeso, ndiye mutumize msanga kutalika ndi kufupika kwake.

Nyumba yafika pa mawindo. Matailosi anu tifolera, ndi abwino, zikomo. Koma china chotuwa chija musapange. Pakhomo ndidzapachika chiguduli, chaka chino chokha. Sindinakonzeke kutseka.

Pobwera musachiike pansi pa matumba kapena pomwe pamakhala nthochi. Muchikulunge m'chitenje chatsopano, muyale mphasa, mukhale nacho kumbuyo kwa lole inuyo, dzanja lanu lili pamenepo njira yonse. Mukafika pa Nkando ndi pa Chonde muzimuuza Alefa pomwe mwafika, paja amakonda kufunsa. Ndi ulendo womwe munamulonjeza kuti mudzamutenga akaone Limbe. Wakaonako, tsopano mubwere naye.

Mkulu wina anandifunsa komaliza, akuti mayi, za m'manda zimayenera kubwerera kufumbi, nanga ichi choti sichiwola? Ndinamuuza zomwe munandilembera pa Meyi, zija ndinakunyozani nazo. Ndinaziloweza osafuna, ndipo masiku ano ndi zomwe ndimanena ndisanagone. Sichiwola. Chiswe sichidya. Achimwene, mwana wanga madzi anamutenga kamodzi, ine ndili pompo, manja ali lende. Ulendo uno mvula igwe mmene ingagwere, phiri ligumuke lonse, ine ndidzagona tulo, chifukwa munanena nokha kuti madzi salowa.

Tikudikira Lachisanu la sabata yamawa.

Mlongo wanu,
Rosemary, make Alefa